Zingwe za pa Mkuyu wa Khwangwala

Mlamu wanga Nachisale anandifunsa tili pa mzere ku chigayo: "Alamu, ndichite bwanji kuti onditsatira pa foni achuluke? Ndikaika chithunzi cha mandasi anga, palibe wonenapo kanthu." Chigayo chinali ndi phokoso, sindinamuyankhe bwino. Yankho lake ndi nthano iyi, ndipo tikhalire limodzi mpaka ithe.

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ife, Kangaude analuka zingwe m'dambo monse. Ukafuna kumamva za mnzako, unkamanga chingwe pakhomo pake n'kuchikokera kwanu. Iye akayankhula, chingwe chinkakubweretsera mawu, nawe unkatha kumuyankha.

Chilimwe chinafika, udzu unauma. Nyama zinati, "Pafunika mmodzi wotichenjeza moto ukabuka. Ntchitoyi apatsidwe amene ali ndi zingwe zambiri pakhomo pake."

Khwangwala anali ndi zingwe makumi atatu. Mawa lake zinali zana. Mkuja wake zinali mazana atatu, ndipo mkuyu umene ankakhalamo unayera mbuu ngati mwakoleka thonje.

Nkhwali anali ataikira mazira asanu ndi awiri mu udzu wouma, ndipo mazira sanyamulika. Zingwe zake zinali zisanu zokha. Komabe m'mawa uliwonse ankafunsa, "A Njiri, mwendo uja uli bwanji?" n'kudikira yankho. "A Nungu, ana adya?" n'kudikira yankho.

Atayang'ana mkuyu uja, mtima wake sunakhazikike. "M'dambo muno sitikwana ndi zana lomwe. Nanga enawa ndani?"

Anapita kukaona.

"Odi, a Khwangwala."

"Fikani, mayi, koma muime chapatali, mungandidulire anthu anga."

"Anthu anuwa amakuyankhani?"

Khwangwala anaseka. "Wotchuka sadikira yankho. Ine ndimayankhula, iwo amamva."

Nkhwali anatsazika mwaulemu. Koma pobwerera anagwira chingwe chimodzi n'kuchilondola. Analondola, analondola, mpaka chinakathera pa chitsa chakupsa.

"Mwina mwini wake anasamuka," anatero.

Anagwira chachiwiri. Analondola, analondola, mpaka chinakathera pa chigoba cha nkhono chopanda kanthu.

"Mwina mwini wake anamwalira," anatero.

Anagwira chachitatu. Analondola, analondola, mpaka anapeza Kangaude akuchimangirira pa mwala, pambali pali mulu wa ziwala.

"A Kangaude, mwalawu ndi m'bale wa a Khwangwala?"

"Ine ndimangoluka, mayi. Akandibweretsera ziwala khumi, ndimawamangira zingwe makumi asanu. Kumene zikuthera sanandifunsepo."

Nkhwali anadzera kwa Njiri. "Achimwene, inu munamanga chingwe pa mkuyu paja?"

"Ndinamanga, koma ndinachipanikiza ndi mwala kuti mawu asamandifike. Tsiku lonse nkhani ndi ya khosi lawo loyera. Mwendo utandivuta ndinawauza, sanayankhe. A Nungu nawo anapanikiza chawo."

Pa tsiku la bwalo losankha wochenjeza uja, Nkhwali anaimirira n'kunena zimene anaona. Ananena motsitsa mawu, monga mwa chibadwa chake.

Khwangwala anakonza nthenga za pakhosi. "Abale, imeneyo ndi nsanje. Mayi wa zingwe zisanu akufuna kuphunzitsa wa mazana atatu."

Nyama zinaseka. Zinawerenga zingwe, sizinafunse kumene zikuthera, ndipo ntchito inapita kwa Khwangwala. Nkhwali anabwerera kukakhalira mazira ake, mlomo uli kumphepo.

Patapita masiku anayi, dzuwa lili paliwombo, osaka mbewa anayatsa moto kumunsi kwa dambo. Khwangwala anauona utsi msanga, pamenepo tisamunamizire. Anakuwa m'zingwe zonse kuti moto, moto. Mawu anapita ku chitsa. Mawu anapita ku chigoba. Mawu anapita pa mwala. Ndipo zingwe za amoyo zinali zopanikizidwa. Anakuwa mpaka mawu anasasa, koma m'dambo munali zii.

Nkhwali anamva fungo la utsi. Anayankhula m'zingwe zake zisanu: "Moto uli kumunsi. Mazira anga ali pano."

Njiri anadzuka nthawi yomweyo, pakuti mawu amenewo ankawadziwa, ndipo sanamunamizepo. Anauza anzake atatu. Nungu anauza anzake anayi. Anzawowo nawo anauza awo. Posakhalitsa anafika ambiri. Njiri anapalasa nthaka ndi minyanga, Nungu anazula udzu, ena anathyola nthambi zaziwisi n'kumathibula malawi. Analambula kuzungulira chisa chonse. Moto unafika, unasowa chodya, unapatuka.

Unapatukira ku mkuyu. Zingwe mazana atatu zija zinali zouma, ndipo moto unayamba kukwera nazo.

"Zisiyeni zipse," anatero Njiri. "Khwangwala akaitane achitsa adzamuthandize."

"M'mwambamo muli ana ake," anatero Nkhwali. "Iwo sanagule chingwe."

Njiri anang'ung'udza, koma anapita. Nungu anadula zingwe ndi mano, ena anazimitsa moto patsinde. Ana a Khwangwala anapulumuka. Khwangwala anangoima pa nthambi, osatukula mutu.

Tsopano vuto linali lina. Udzu wonse unali utapsa, mazira anali pambalambanda, ndipo Kabawi, wakuba anapiye uja, anayamba kuzungulira m'mwamba. Nkhwali sankatha kuchoka ngakhale kukamwa madzi.

M'mawa mwake anaona Khwangwala watera pa chulu chapafupi.

"Ameneyu wadzeranji?" anadzifunsa. "Akhwangwala amadya mazira." Anakanikiza mapiko, diso lili pa chulu.

Kabawi atatsika, Khwangwala anauluka n'kumujompha mpaka anathawa, kenako anabwerera pa chulu. Tsiku lachiwiri anachita chimodzimodzi. Nkhwali anapirira ludzu, osasuntha. Tsiku lachitatu khosi linamuuma zedi. Anapita kumtsinje akucheukacheuka, anamwa mothamanga, nabwerera mtima uli m'mwamba. Anawerenga. Mazira anali asanu ndi awiri, ndipo Khwangwala anali ataimirira kumbali kwa dzuwa kuti awachitire mthunzi.

Khwangwala anadikirira choncho mpaka mazira anaswa. Anapiye onse asanu ndi awiri atatuluka n'kutsatira mayi wawo m'tchire, iye anauluka kubwerera kwawo.

Choncho abale anga, musamawerenge zingwe, muzifunsa kumene zikuthera. Anthu asanu amene mumawafunsa za moyo wawo n'kudikira yankho adzabwera mukawaitana, ndipo adzabwera ndi anzawo. Mazana ogulidwa sadzamva n'komwe.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaione, ingapserere.