Dzino Limene Linagonja kwa Ulusi

Telala wa pafupi ndi siteji ya basi ankatchuka ndi mano kuposa masuti. Sizasi inkangogona patebulo, iye ulusi n'kumadula ndi mano. Botolo likasowa chotsekulira, ankalibweretsa kwa iye. "Achitsulo awa," ankatero uku akuwagogoda ndi chikhadabo.

Pambali pa makina sipankasowa kapu ya madzi a mandimu, shuga wake wosaumira. Ankapsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ati kuthamangitsa tulo. Mswachi ankaukumbukira mwa apo ndi apo.

"Bambo a mwana, manowa akuchita chikasu, kunsongaku akuonekera ngati galasi," mkazi wake anamuchenjeza.

"Akuwawa ndani? Chosawawa sichidwala."

Kenaka ukwati wa mwana wawo wamkazi unayandikira. Diresi anasoka yekha, mtima uli pa chithunzi chimene adzajambulitse ataima pambali pake, akumwetulira. Atamaliza mpendero analuma ulusi monga mwa masiku onse. Ulusi sunaduke. Chimene chinagwera pansalu yoyerayo chinali chibenthu cha dzino lakutsogolo.

Dokotala wa mano anapala m'mbali mwa nkhama n'kumuonetsa zoterera zoyera pansonga ya kachitsulo.

"Umu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, bambo. Timadya shuga wanu n'kumatulutsa asidi, mandimu nawo n'kuwonjezera wawo. Chikuto cha dzino n'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi mwanu, koma chikamanyowa ndi asidi tsiku lonse chimasungunuka."

Telala anayang'anitsitsa tizotererato. Anazizwa, ndipo anachita mantha. Kanthu kofewa chonchi, koti mwana angakapukute ndi chala, n'kumene kanadya mano opinda zitsekerero zachitsulo! Zaka zonsezo ntchito inali mkati, m'kamwa mwake momwe, popanda phokoso kapena ululu.

"Ndiye chidzameranso liti chikutocho?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sichimeranso. Tidzamata chigamba, koma tiyambe ndi owola kumbuyoku."

Za chigamba telala sanafunikire kuuzidwa. Chimatseka pong'ambika, koma nsalu sibwerera mwakale.

Pa tsiku la ukwati diresi linakoma mochititsa kaso, koma dzino lakutsogolo lija linali lisanamatidwe. Wojambula atakonzeka, mkwatibwi anagwira bambo ake mkono.

"Ababa, tasekani pang'ono."

Telala anayesa, koma milomo inakana kutseguka. Chithunzicho chili pakhoma mpaka lero: onse mano ali mbee, iye yekha kukamwa kuli kotseka. Akuluakulu sananame, chakudza sichiimba ng'oma.