Kuno ndi Kwanu, Bambo

Pa malo ometera tsitsi a pakona, pakati pa sitolo ya mafoni ndi ya nsapato, panali wometa wina amene anzake ankamutcha Palibekanthu. Dzinali sanalitole panjira, analigwirira ntchito. Munthu akamuponda phazi, iye ndi amene ankayamba kupepesa. Koma akangogwira makina ometera, mutu wa kasitomala uli m'manja mwake, pakamwa pake pankayaka moto. Ankadziwa chimene chikugwetsa timu iliyonse ya mpira, ankadziwanso mmene mwamuna weniweni amayankhira bwana wachipongwe. Amuna ambiri tili choncho, timabangula pamene palibe wotiyankha, ndipo makasitomala ankamukonda chifukwa cha zomwezo.

Mkazi wake anali namwino. Awiriwa anapeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba yaikulu, mumpanda umodzi ndi eni ake. Alandilodiwo anali bambo wachikulire wopuma pantchito, amene akazi awo anamwalira, ana onse ali kutali. Tsiku losamuka, katundu ali mbwee pabalaza, iwo anafika n'kuima pakhomo mwaulemu, makiyi ali m'manja. Palibekanthu anasiya katoni imene ananyamula n'kuthamangira kukawalandira.

"Lowani, bambo, musaime panja ngati mlendo. Kuno ndi kwanu. Muzingolowa."

Aliyense amadziwa kulemera kwa mawu amenewa. Ali ngati "tiyeni tidye" amene umauza munthu wodutsa mbale itatsala pang'ono kuyera: umanena kuti iye akane, nonse musiyane mwaulemu. Koma alandilodi mawuwo anawatola n'kuwasunga bwinobwino, pamodzi ndi kiyi mmodzi amene sanamuchotse pa mulu wawo.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ankabwera kudzaona ngati mpopi wa kukhitchini ukudontha. Ankabwera kudzamvetsera ngati chitseko cha kubafa chikulira. "Odi" wawo ankamunena ali kale pabalaza, kiyi akumubwezera m'thumba. Tsiku lina banjali linapeza mipando yasunthidwa, ati inkakanda khoma. Tsiku lina namwino anawapeza atatsegula firiji, imene sinali yawo n'komwe, akuti amafuna aone ngati magetsi akufika mokwanira. Sankaba kanthu, sankakalipa, ndipo potuluka ankatseka bwino.

Vuto linali lakuti namwinoyo masabata ena ankagwira ntchito usiku, ndiye tulo take tinali ta masana. Mmawa wina atangofika kuchokera kuchipatala, anamukhazika pansi mwamuna wake asananyamuke.

"Bambo, makoma a nyumba ino ndi awo, denga ndi lawo, sindikukana. Koma chitseko ndi chathu. Timalipira lendi kuti tikatseka tikhale tatseka. Akafuna kuona mpopi wawo atiuziretu, agogode, tiwatsegulire. Kiyi wawoyo ndi wa tsiku limene nyumba ikupsa kapena paipi yaphulika, osati wodzaonera firiji. Mukawauze."

"Paja ndi munthu wamkulu, mayi. Nanga ndikayamba bwanji?"

"Mukayambe mmene mumayambira za mpira." Anavula nsapato n'kuziika pansi pa mpando. "Ine m'nyumba yogona diso limodzi lili kuchitseko sindingakhalemo. Ndanena kamodzi."

Palibekanthu ankamudziwa mkazi wake. Sanali wa phokoso, ndipo chimene wanena kamodzi sankachibwereza. Mantha anamugwira, a mbali ziwiri: kuopa kukhumudwitsa nkhalamba, ndi kuopa kutaya mkazi amene ankamukonda kwambiri.

Kuntchito, pakakhala palibe kasitomala, ankaima pagalasi n'kumayeserera. Ankakwinya nkhope, n'kutukula chala. "Bambo, ulemu ndi ulemu, koma malire ndi malire." Zinkamveka bwino moti iye mwini ankachita nazo mantha. Makasitomala akabwera, nkhaniyo ankaifotokoza ngati ya mnzake wina.

"Ndili ndi mnzanga, alandilodi ake amangolowa m'nyumba ngati akulowa mu msika. Iye phee. Mkazi wake wadandaula mpaka watopa."

"Ameneyo ndi wopepera," anatero dalaivala wina amene ankameta ndevu. "Malinga ukulipira, mwini nyumba ndi mlendo pakhomo pako. Salowa osagogoda, ndipo ukakana wakana."

"Ndi zimene ndimamuuza," anatero Palibekanthu akupukuta lumo. "Ndimati iwe, buluku lakolo ungomupatsa mkazi wako, iwe uzivala chitenje." Onse anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali iyeyo.

Lamlungu masana anavala malaya ositidwa n'kupita kunyumba yaikulu. Anagogoda, anadikira, ndipo alandilodi anamulandira ndi manja awiri. Anamukhazika pa mpando wabwino, anamupangira tiyi okha, n'kuyamba kumuonetsa zithunzi za malemu akazi awo. Anafotokoza mmene anamangira nyumba yakuseriyo, njerwa ndi njerwa, mayiwo akuwatungira madzi.

"Amene analimo kale aja ankanditsekera ngati ndine wakuba," anatero akupukusa mutu. "Koma inu, mwana wanga, munaleredwa. Kaya mwabwera ndi nkhani?"

Mawu onse a pagalasi aja anasungunuka ngati shuga mu tiyi. Palibekanthu anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, kenako maso ake anagwera pa mutu wa nkhalambayo.

"Ayi, bambo, ndimangoti... tsitsi lanu lakula."

Anabwerera kunyumba kukatenga makina, ndipo anawameta pakhonde, mosamala, mpaka kuwakonza m'mbali mwa makutu. Munthu amene anapita kukaletsa alandilodi kulowa m'nyumba mwake anabwerako imvi zili waa pa malaya. Anazikung'untha ali panja.

"Mwawauza?" anafunsa mkazi wake.

"Takambirana, mayi. Nkhani ija yatha."

Ananena akuyang'ana nsapato zake. Namwino anamuyang'ana kanthawi, kenako anamwetulira n'kumugwira paphewa, ndipo kumwetulira kumeneko kunamupweteka kuposa mbama. Mwamwayi, kapena mwatsoka, sabata imeneyo alandilodi anadwala msana, sanaonekenso kuseri. Palibekanthu anayamba kukhulupirira kuti Mulungu amakondanso amantha. Ankadziuza kuti akachira adzawauza, pa nthawi yabwino, iwo atakhuta, kunja kusakutentha kwambiri.

Msana unachira nthawi yabwinoyo isanafike. Tsiku lina chakumasana, iye ali pakati pometa dalaivala yemwe uja, anaona pagalasi mkazi wake ataima pakhomo la shopu. Anali ndi chikwama chachikulu m'manja, mpango atamanga mokhota, maso ali ofiira ndi tulo. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, koma makina onse anazima okha.

"Ndadzuka ndapeza amuna awiri kuchipinda kwathu. Alandilodi ndi kalipentala, akuyeza zenera la kumutu kwa bedi. Ine ndili gone, ndi nsalu yokha. Alandilodi akuti, 'Gonani, mayi, sitichedwa.'"

Mkaziyo anapitiriza.

"Ndawafunsa ngati amuna anga sanawauze. Akuti awauze chiyani? Akuti munawauza kuti kuno ndi kwawo, azingolowa, ndipo tsiku lija munawameta bwino kwambiri." Anasinthira chikwama kudzanja lina. "Zolowa zawozo ndikanapirira, ndikanamaika mpando kuchitseko mpaka tipeze kwina. Koma ine ndinagona tulo tofa nato chifukwa inu munati nkhani yatha. Ndikakhala kwa achemwali."

Anatembenuka n'kumapita. Dalaivala uja, mutu wometedwa mbali imodzi, anamuyang'ana kudzera pagalasi, ndipo ananena mopanda chipongwe, "Ndiye mnzanu uja tamudziwa."

Palibekanthu anapereka makina kwa wometa mnzake kuti amalize, n'kutuluka. Panjira yonse ankadzitukwana. Anafika kunyumba yaikulu thukuta lili kamukamu, ndipo atatsegulidwa anakana mpando, anakana tiyi. Sanakwinye nkhope, sanatukule chala.

"Bambo, pepani. Musamalowe m'nyumba mwathu tisanakutsegulireni. Mukafuna kuona kanthu muzitiuziratu. Akazi anga achoka."

Nkhalambayo inakhala pansi pang'onopang'ono. Manyazi anaoneka pankhope pake, enieni, a munthu amene wangozindikira kuti wakhala akulakwa aliyense akumuona.

"Mwana wanga, bwanji osanena? Ine ndinamva inu mukuti, 'Kuno ndi kwanu.' Nanga kwanu munthu amagogoda?"

"Unali ulemu chabe, bambo."

"Ndiye ine ndikanadziwa bwanji? Munabwera pano, ndinakufunsani ngati muli ndi nkhani, inu munandimeta." Anatulutsa mulu wa makiyi, navutika ndi zala zokalamba mpaka anachotsa mmodzi. "Tengani. Nyumba ikadzapsa tidzathyola chitseko. Mukandipepesere kwa mayi, ndawachimwira."

Nkhani yonseyo, imene anaisenza mwezi ndi mwezi, inatha msanga kuposa kumeta ndevu. Panalibe kukalipa, panalibe kuthamangitsidwa m'nyumba. Chilombo chimene ankachiopa chinali bambo wosungulumwa amene ankangofunika kuuzidwa. Zimenezi sizinamusangalatse Palibekanthu, zinamuwawa koposa.

Madzulo dzuwa lisanalowe anafika kwa mkulu wake wa mkazi wake, ku nyumba zosanjikizana za kuseri kwa depoti ya mabasi. Anakwera masitepe, anagogoda, n'kudikira manja ali kumbuyo. Anamva mapazi, kenako chitseko chinatseguka pang'ono, mpata wongokwana nkhope ya mlamu wakeyo.

"Alamu, ndabwera kudzaonana ndi mayi. Mukawauze kuti nkhani ija yatha."

"Akuti mawu amenewo anawamvapo kale."

"Koma pano yathadi, alamu. Ndawauza pamaso."

Mlamuyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali wankhanza, ndipo ankamukonda mlamu wake wa nthabwalayu, koma chitseko sanachisunthe.

"Akugona, alamu. Kuno munthu akagona sitimudzutsa. Akadzafuna kukuonani adzakuitanani okha."

Chitseko chinatsekedwa mwaulemu, loko n'kulira. Palibekanthu anaima pamenepo kanthawi, kenako anatsika masitepe mmodzimmodzi. Sankadziwa ngati mkazi wake adzamuitana sabata yamawa, mwezi wamawa, kapena ayi. Chimene ankadziwa n'chakuti poopa kukhumudwitsa munthu wa kunyumba yaikulu kwa kanthawi kochepa, anakhumudwitsa munthu wa m'nyumba mwake mpaka kumutulutsa.

Ali panjira anakumbukira mwambi umene anaumva kuyambira ali mwana, wonena za lambe. Sanafunsepo kuti lambeyo anali ndani. Koma tsopano anali wotsimikiza kuti anali munthu waulemu kwambiri, wokondedwa ndi aliyense, mwinanso wodziwa kumeta. Akuluakulu sananame pamene anati manyazi anapha lambe.