Chifukwa Chake Nsalu Imamenyetsedwa Pamwala

Kalekale, nsalu isanafike kwathu kuno, akazi ankavala chiwondo, chovala chopangidwa ndi khungwa la mtengo wa mombo. Chiwondo sichinkachapidwa, ana inu. Ukachiviika n'kuchipikicha chinkangoyoyoka, iwe n'kubwerera kumudzi utadziphimba ndi masamba.

Pamudzi wina panali mayi dzina lake Nachisale, mkazi wamkulu wa mlenje wotchedwa Gwaza. Chiwondo chake chinali chofiira bwino, chopakidwa mafuta a nsatsi, ndipo pachinamwali chilichonse maso a anthu ankathera pa iye. Zimenezi ankazikonda kuposa ndiwo yankhuku.

Chaka china kudabwera amalonda ochokera kunyanja yamchere, ofuna minyanga ya njovu. Gwaza adawapatsa mnyanga, iwo n'kumupatsa mikanda ndi nsalu yoyera imodzi yokha. Mwamunayu, poti nzeru zake zinali zakutchire basi, mikanda adapatsa Nachisale, nsalu n'kupatsa mkazi wamng'ono, Nankhoma.

Nsanje idamugwira Nachisale. Kunena zoona nsaluyo sinali yokongola kwenikweni. Inali youma gwa ngati chikopa, yodetsedwa ndi fumbi lapaulendo. Koma akazi onse adasiya mitondo kukaikhudza, ndipo chinamwali chinali mawa lake. Nachisale adadziwa kuti Nankhoma akangoivala pabwalo, iye ndiye kwake kwatha.

Kutacha, Nankhoma adapita kudimba, nsalu ataisiya m'nyumba. Nachisale adalowa, n'kuipinda m'khwapa, ulendo wa kumtsinje. Ankaganiza kuti chovala chilichonse chimaopa madzi monga chiwondo. Adaiviika, adaipondaponda, kenako n'kuyamba kuimenyetsa pamwala ndi mphamvu zake zonse. Kwina ankamenyera Gwaza, kwina ankamenyera kamtsikana kaja. Nsalu osayoyoka. Chomwe chinkatuluka ndi litsiro lokha. Atatopa adaifinya mwaukali n'kuiponya pachitsamba, iye n'kukhala pansi wefuwefu, dzuwa n'kumaiumitsa.

Akazi obwera kudzatunga madzi adamupeza pomwepo, ndipo mbiri idafika kudimba. Nankhoma adathamanga akulira. Atafika adaigwira nsalu ija, n'kupeza yayera mbee, yafewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Adagwada pamaso pa mkazi mnzakeyo.

"Akulu, ine sindimadziwa kuti nsalu imasamalidwa chonchi. Ndikanavina nayo yakuda. Mwandichotsa manyazi."

Nachisale akanatani, anthu onse akumuyamikira mtima wabwino? Adangomuyankha kuti:

"Dzukani, amng'ono. N'zazing'ono izi."

Pachinamwalipo palibe ndi mmodzi yemwe adacheukira chiwondo chofiira. Kuyambira tsiku limenelo amuna adasowa mtendere m'nyumba, mkazi aliyense akufuna nsalu yakeyake, mpaka ziwondo zidatha m'mudzi. Choipa kwambiri n'chakuti aliyense wopeza nsalu ankabwera nayo kwa Nachisale, ati ndiye katswiri, awaonetse kachapidwe kake. Mayiyo ankailandira mtima ukuwawa n'kuimenyetsa pamwala ndi ukali womwe uja. Anzakewo ankaonetsetsa n'kutengera zonse, kakwezedwe ka mkono ngakhalenso tsinya lapankhope, poyesa kuti ndiwo mwambo wake.

N'chifukwa chake mpaka lero mukatsikira kumtsinje mudzapeza mayi atakunga tsinya, akumenyetsa pamwala chitenje chimene amachikonda kwambiri, ngati chamulakwira. Musamufunse chamukwiyitsa, sakuchidziwa. Mkwiyowo ndi wa Nachisale.