Galu Amene Analeka Kuuwa

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri munali mayi wamasiye, a Nangondo. Anali ndi mwana mmodzi, Malizani, ndi galu mmodzi, Phulusa.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mizere ya mbatata. M'mawa uliwonse akalulu ankatuluka m'tchire kudzadya kholowa. A Nangondo ankakhala pamtondo wogoneka pansi, n'kuwomba m'manja.

"Phulusa, alendo ako afika. Gwira!"

Phulusa liwiro. Akalulu liwiro. Akafika pachulu, galu ankaima n'kuuwa, kuuwa, kenako n'kubwerera lilime lili panja, kukamwa kulibe kanthu. Mayi aja ankaseka mpaka kutsokomola.

"Mlenje wanga iwe, tikanadalira iwe tikanafa ndi nkhuli."

Phulusa sanagwirepo kalulu ndi mmodzi yemwe. Mwina sankafuna n'komwe.

Malizani atakula anapeza ntchito kutali, kuminda ya fodya. Asananyamuke analowa kwa amalume ake, a Chidzanja. Nyumba yawo ndi ya mayi ake zinalekana ndi mpanda wa udzu basi.

"Malume, mayi miyendo yayamba kuwavuta. Muziwasuzumirako."

"Iwe mphwanga, ukundiphunzitsa kusunga mlongo wanga? Pita, ife tilipo."

Anapita. Fodya anadzalidwa, fodya anathyoledwa. Kenako uthenga unamupeza: bwera, mayi ako atisiya.

Anafika maliro ali m'nyumba. Olira mokweza kuposa onse anali a Chidzanja ndi akazi awo, a Nasiwelo. Ankagubuduka m'fumbi, anthu kuchita kuwagwira.

Atachoka kumanda, Malizani anazungulira kuseri kwa nyumba. Anapeza mizere itaphwanyika, kholowa atazuka. Padothi panali poti zala zinakanda, panali poti mawondo anakwawa, kulunjika kumpanda. Zizindikirozo zinathera pafupi, poti munthu atatambasula dzanja akanakhudza udzu. Phulusa anali atagona pomwepo.

A Nasiwelo anatulukira kudzataya madzi otsukira mbale.

"A Nasiwelo, mayi anagwera pano?"

"Pomwepo, mwanawe. Tinawapeza dzuwa litapendeka, atazizira kale."

"Nanga anagwa nthawi yanji?"

"Kaya. Galuyu ndiye anayamba kuuwa mame asanaume. Anauwa, anauwa, mpaka mawu kusasa. Anabweranso kwathu, n'kuwakoka buluku amalume ako ali pabawo. Iwo anangomugenda ndi chitsononkho. Ife timati ndi akalulu ake aja."

Ankafotokoza ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Anataya madzi aja, n'kubwerera.

Malizani sanalire. Anangoyang'ana mpanda uja. Udzu, ana inu. Udzu woti nkhuku imaboola.

Kufodya sanabwererenso. Achibale atabalalika, m'mawa wina anamva tswatswa m'kholowa. Akalulu aja anali atafika. Malizani anakhala pamtondo wa mayi ake, n'kuwomba m'manja monga ankachitira iwo.

"Phulusa, alendo ako afika. Gwira."

Galu anaimika makutu. Sanayang'ane akalulu. Anayang'ana kukhomo la nyumba, kudikira eni ake mawuwo kuti atuluke. Anadikira, anadikira. Kenako anagoneka mutu padothi.

Apa m'pamene Malizani analira. Analira ngati kamwana kotayika pamsika, akalulu akudya pafupi ndi mapazi ake.

Kuyambira tsiku limenelo Phulusa sanauwenso. Mlendo alowe, zii. Fisi alire kuphiri, zii. Akalulu ankabwera, kudya, kulumpha pamphuno pake penipeni, iye kungowayang'ana. Anaswana, anachuluka. Kholowa atatha anaboola mpanda, n'kulowa m'nyemba za a Chidzanja.

Ndiye tsiku lina a Chidzanja anatulukira, chingwe chili m'manja.

"Odi kuno. Mphwanga, akalulu andithera nyemba. Ndibwereke galu wakoyu ndikam'mange pakati pa munda, aziuwako. Kuno wangosanduka thumba."

"Aziuwa kuti amve ndani, malume?"

"Akalulu, nanga ndani?"

"Akalulu amamva, malume. Tsiku lija anamva, anathawa onse. Inu ndiye munali pabawo."

A Chidzanja anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwana iwe, imfa ndi ya Mulungu. Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Mukanasuzumira."

"Ukuyankhula ndi ine choncho? Ine amene ndinagula nsalu ya maliro?"

"Mukanasuzumira, malume. Pampandapo. Osadzuka n'komwe, kungopatula udzu ndi dzanja."

A Chidzanja anapinda chingwe chawo n'kumapita. Anakauza mudzi wonse kuti kufodya kwamuwononga mwanayo, ulemu alibenso. Ndipo mudzi unavomera. Omwewo amene anamva galu akuuwa tsiku lonse, aliyense ali pakhonde pake, ndiwo ankapukusa mitu Malizani akamadutsa.

Phulusa anayamba kusiya chakudya m'mbale. Nthiti zinaoneka. Mvula isanagwe, Malizani anamupeza atauma pamzere womwe uja, mphuno italoza kukhomo. Anamukumbira pomwepo, yekha. Sanaitane munthu, ndipo palibe anasuzumira.

Mvula itagwa anadzalanso mbatata, kuti akalulu azibwerabe. Mwa onse amene anamva kuuwa kuja, akalulu okhawo ndiwo sanachite ngati sanamve.

A Chidzanja anakhala zaka zambiri, onenepa, bawo lawo osalisiya.

Nthano yanga yathera pamzere umenewo. Galu wa mnzako akauwa mpaka kusasa mawu, dzuka ukasuzumire.