Zengerezu ndi Tambala wa Chinkhoswe

Ana inu, musaganize kuti Zengerezu linali dzina la ubatizo. Mwini wake anali Lufeyo, ndipo mumve mmene dzina labwinolo linatayikira.

Lufeyo ndi mng'ono wake Kambani anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi majekete, njinga, komanso fumbi lodzaza m'mapapo. Kungoyenda pang'ono, onse awiri wefuwefu. Kuchipatala dokotala anawauza mawu amodzimodzi: "Matendawa satheratu, koma musawagonere. Muziyenda tsiku lililonse. Mpweya ukachepa imani, muutulutse pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala lotentha, kenaka pitirizani."

Kambani anayamba m'mawa mwake. Tsiku loyamba anangofika pakhola la mbuzi n'kubwerera. Sabata yotsatira anafika pamjigo. Lufeyo anali pakhonde, kumuseka.

"Mpweya uli ngati ufa wa m'dengu," iye ankatero. "Ukamatapatapa umatha. Ine wanga ndikusunga. Ndiyamba kunja kukafunda."

Kutafunda anati dzuwa lanyanya. Mvula itagwa anati matope. Anthu anayamba kumutcha Zengerezu.

Tsono tsiku lina mkazi wake, Nangozo, anabwera kuchokera kumjigo akumwetulira. "Mwawaona alamu? Lero afika kumsika, abwerako ndi nzimbe paphewa!"

Eee! Mawu amenewo anamulasa Lufeyo. Mgodi umodzi, chifuwa chimodzi, koma wotamandidwa n'kukhala mwana amene iye ankamupukuta mamina? Nsanje inamudya munthu uja mpaka chakudya kumuwawa m'kamwa. Anayamba kuuza anthu kuti Kambani analandira mankhwala abwino mwamseri. Zitakanika izo, anati kumsikako kuli kamkazi.

Kambani sanasunge mangawa. Ankabwerabe m'mawa uliwonse. "Achimwene, tiyeni. Lero tingofika pakhola."

"Iwe wondiphunzitsa kuyenda ine? Pita. Ndiyamba mawa."

Kunena zoona, mtima unkafuna. Koma kutsatira mapazi a mng'ono wake, anthu akuona? Ayi ndithu, bola kukhala.

Nthawi yokolola itayandikira kunabwera mlongo wawo, amene ankakhala kuseri kwa chitunda. Mwana wake Tiyanjane anali atapeza banja. Paja pachinkhoswe mtsibweni wamkulu ndiye nkhoswe, ndiye amalandira tambala kuchokera kuchimuna anthu onse akuona. Ulemu umenewo unali wa Lufeyo, ndipo anali akuudikira kuyambira tsiku limene mwanayo anabadwa.

"Achimwene," anatero mlongoyo atagwada, "chitunda chija ngolo siikwera. Kwatsala miyezi iwiri, yambani kuyendayenda. Mukalephera, alandira ndi a Kambani."

"Kambani? Tambala wanga? Ine ndili moyo?" Anakuwa mpaka chifuwa chinamugwira. "Tsikulo mudzandiona. Mpweya wa chaka chathunthu ndausunga ine!"

Miyezi iwiri inathera pakhonde pomwepo.

Tsiku la chinkhoswe Kambani anafika atavala jekete lake. "Ndigwireni paphewa, achimwene. Tizikwera tikupuma."

"Tsogolani nonse. Sindikufuna wondigwira."

Onse anatsogola, Nangozo akucheukacheuka. Lufeyo anadzuka payekha. Pakhola anadutsa bwino. Pamjigo miyendo inayamba kunjenjemera, pakuti miyendo yosayenda imaiwala ntchito yake. Pofika pakati pa chitunda m'maso munachita mdima. Anafunafuna mpweya uja ankati wasunga, koma m'dengumo munalibe kanthu. Zouzira phala anali asanayeserepo n'kamodzi komwe. Anagwa chogwada.

Pamenepo anamva nthungululu kuseri kwa chitunda. Mayo ine! Anaponya manja pansi n'kuyamba kukwawa. Kwawukwawu, kwawukwawu, munthu wamkulu, jekete la ku Joni likusesa fumbi.

Anatulukira pabwalo ali chokwawa chomwecho. Ng'oma inaleka, anthu onse n'kucheukira kwa iye. Pakati pa bwalo panaima Kambani, tambala wofiira ali m'manja.

Kambani anabwera msanga n'kugwada pamaso pa mkulu wake. "Achimwene, ndinangokugwirirani. Nayu tambala wanu, landirani."

Lufeyo anamuyang'ana tambalayo, misozi ili chuchuchu. Anayesa kutukula dzanja limodzi, koma thupi linapendekeka kufuna kugwa. Manja onse awiri anali ndi ntchito yomuchirikiza. Tambala anali pomwepo pamphuno pake, koma cholandirira analibe. Kambani anadikira, anadikira, kenaka anaimirira tambalayo ali m'manja mwake, ndipo chinkhoswe chinapitirira.

N'chifukwa chake akuluakulu amati, "Zengerezu adalinda kwawukwawu." Ntchito imene ukanaigwira pang'onopang'ono uli chiimire, ukamati mawa, mawa, udzaigwira chokwawa, nthawi itatha kale. Ndipo inu amene kwanu kuli wodwala chifuwa chosatha, musamuyalire mphasa tsiku lonse n'kumati mukumukonda. Mugwireni dzanja, afike pakhola lero. Mnzanu akakuposani, musakhale pakhonde n'kumamuwerengera mapazi. Dzukani mumutsatire, angakhale ndi mng'ono wanu.