Baibulo Pansi pa Mwendo wa Makina

Anthu a mumsewu umene ankakhalamo ankamutchula kuti Ndimalizekaye, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Anali telala wa dzanja labwino, koma kunena zoona, makina osokera ndiwo anali guwa lake. Kukangocha ankakhala pafupi ndi zenera, tepi yoyezera ili m'khosi, phazi likupalasa, mpaka dzuwa kulowa.

Kale mkazi wake ndiye ankatsegula tsiku m'nyumbamo. Asanagwire ntchito iliyonse ankawerenga salimo n'kupemphera, mwamunayo n'kumavomera kuti "ameni" ulusi uli kukamwa. Koma matenda a shuga atamulanda maso, mayiyo anatsala ndi makutu okha. M'mawa uliwonse ankabwera akupapasa khoma, n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Abambo, tandiwerengereniko ndime imodzi yokha, tiyambe ndi Mulungu."

"Ndimalize kaye msoko uwu, amayi. Mulungu sathawa, koma mwini suti iyi akubwera masana ano."

Msoko unkabala msoko unzake. Suti ikachoka pankabwera diresi, diresi ikachoka pankabwera mayunifomu a ana asukulu, ndipo ndime imodzi ija inkangogona panjira.

Tsiku lina tebulo la makina linayamba kugwedera chifukwa mwendo umodzi unali utadyeka. Telala anayang'ana uku ndi uku, naona Baibulo pashelefu, lochindikala bwino lomwe. Analilowetsa pansi pa mwendowo, tebulo n'kukhazikika. Mumtima anati alichotsa madzulo, koma madzulowo anaiwala, mawa lake anaiwalanso.

Mkazi wake analipeza yekha. Akutola zidutswa za nsalu pansi, dzanja lake linakhudza chikuto chimene ankachidziwa ngati nkhope ya mwana wake. Ali chogwada choncho, anafunsa mwamuna wake.

"Abambo, zoona Mawu a Mulungu mwawapondetsa ndi makina?"

"Ndi kanthawi chabe, amayi, musakuze nkhani."

Kuyambira tsiku limenelo mayiyo sanapemphenso. Ankangokhala pampando paja manja ali pamiyendo, milomo ikugwedera yokha. Telala, kupusa kwake, anayesa kuti wapeza mtendere.

M'mawa wina mayiyo anagwa pakhomo la kuchipinda, mbali imodzi ya thupi itauma. Kuchipatala namwino sanabise mawu.

"Bambo, kuyankhula sangathenso, koma akumva. Ngati muli ndi zoti muwauze, auzeni lero."

Telala anawerama nafunsa mkazi wake chimene akufuna. Zala za mkaziyo zinayenda pabulangete ngati munthu akutembenuza masamba a buku. Mwamunayo anamvetsa, mtima wake n'kusweka. Anayesa kunena salimo pamtima, koma m'mutu mwake munali miyeso ya m'chiuno ndi ya m'mapewa yokha. Anayesa kupemphera, koma mawu amene ankawadziwa anali "ameni" basi.

Anathamangira kunyumba ngati wamisala. Anakwawira pansi pa tebulo, nalinyamula ndi msana, n'kusolola Baibulo lija. Mafuta a makina anali atalowerera mpaka mkati, masamba atamatana, ndipo mwendo unali utaboola chikuto. Analikumbatira choncho n'kubwerera, akumatula masamba ndi chikhadabo njira yonse kuti apeze salimo limene lingawerengeke.

Anapeza bedi litayalulidwa, patatsala matiresi okha. Namwino uja anangomugwira paphewa.

Masiku ano Ndimalizekaye sayandikira makina asanatsegule buku lothimbiriralo. Amawerenga mokweza, atayang'ana mpando wa makasitomala pomwe palibe munthu. Amakhulupirira kuti Mulungu akumumva, koma chimene chimamudya n'chakuti makutu amene anadikira ndime imodzi kwa zaka zonse zija anapita osaimva. Akatseka bukulo amalira ngati mwana, ndipo odutsa mumsewu amene kale ankamuseka amangoweramitsa mitu. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.