Mkamwini Pansi pa Denga

Kale, malata asanabwere, m'mudzi wina munali mkamwini dzina lake Kadammanja. Anali wolimbikira ntchito, wa mtima wabwino, koma manyazi ndiwo anamuchulukira. Chaka chake choyamba paukamwini chimanga chinachita bwino, ndipo apongozi ake aakazi anatuma mwana wawo Nangondo kuti akauze mwamuna wakeyo zomanga nkhokwe. Pajatu mwambo sunkalola mkamwini ndi apongozi kuonana nkhope. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire.

Kadammanja analuka nkhokwe nathiramo chimanga chonse cha banjalo. Denga analimangira pansi monga amachitira onse, lozungulira, la udzu wokhuthala. Kunangotsala kulikweza. Tsiku lomwelo kumwamba kunada bii, mvula yopanda ulemu ija yobwera anthu atakolola kale.

"Bambo, kaitaneni alamu anu," anatero Nangondo. "Chimangachi chikanyowa tidya chiyani?"

"Iyayi mayi. Adzati mkamwini wake ndi uti wolephera kadenga ka nkhokwe? Ndikweza ndekha."

Kunena zoona, mwamunayu ankaopa kuti akaoneka wofooka amulongedzetsa, pamene iye ankamukonda kwambiri Nangondo. Anakwawira pansi pa denga nalidzutsa ndi mutu. Linadzuka ndithu, mphamvu anali nazo. Koma maso anali mumdima, kulemera konse kuli pakhosi limodzi. Anayenda dzandidzandi, mawondo anagwedera, kenaka khu! Denga linamuvindikira ngati nkhuku m'dengu, madontho a mvula nayamba kugwa.

Woyamba kufika anali apongozi aja. Anaona denga likugwedezeka lokha, nazindikira kuti lero mwambo sukuletsa kanthu, poti nkhope zabisika. Anagwada pafupi ndi udzuwo.

"Akamwini, mwavulala?"

Kadammanja analakalaka pansi patang'ambika. "Iyayi amayi. Pepani, ndakuchititsani manyazi. Mawa ndinyamuka."

"Munyamuke mupite kuti? Mwana wanga ndinamupereka kwa munthu, osati kwa njovu. Mutu umodzi susenza denga, bambo."

Atatero anakuwa, ndipo alamu ndi oyandikana nawo anabwera chothamanga. Mayiwo anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, mkamwini wawo akutuluka udzu uli tho m'mutu. Anthu anazungulira denga, aliyense dzanja m'mphepete, Kadammanja ali pakati pawo. Mlamu wina wamtali ankakokera kwake, wamfupi akukankhira kwa anzake, koma poti onse anagwira, denga linakwera bwinobwino. Kadammanja anadabwa kuti kulemera kuja kwalowera kuti, chifukwa palibe amene akanati wasenza ndi iyeyo. Mvula inakhuthuka chimanga chili pouma, ndipo mkamwini uja anakalambira m'mudzi momwemo.

Apo ndi pamene panachokera mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Inu amene mukuphunzira kemisitiri mudzaupeza ngakhale mu zinthu zosaoneka ndi maso. Mu mankhwala otchedwa benzini, tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maatomu, asanu ndi limodzi a kaboni, amagwirana mozungulira ngati bwalo. Ena mwa maelekitironi awo, tinthu tomwe timamangirira maatomuwo pamodzi, sakhala pakati pa maatomu awiri okha, amamwazikira bwalo lonse, moti simungaloze mwini wake. Kugawana kumeneku akatswiri amakutcha rezonansi, ndipo n'chifukwa chake bwalolo silisweka wamba. Timagulu ta maatomu tikalumikizidwa m'mphepete mwake, tina timakokera maelekitironi kwawo, tina timawakankhira m'bwalo, monga alamu aja, ndipo khalidwe la mankhwalawo limasintha. Koma katundu wa mphamvu ya magetsi akaunjikana pa atomu imodzi yopanda wogawana nayo, chinthucho sichikhazikika.

Munthunso ali chimodzimodzi. Chikakulemerani, itanani anzanu mawondo asanagwedere. Amene mukuopa kuti akusekani, kawirikawiri ndi omwe akungodikira kuti muwaitane.